Sefa yotseka yokhala ndi babu la UV pa dziwe la goldfish: ndere ina imatha, ina imatsala

Chipangizo chimene tikuchiunika pano ndi chija amagulitsa m'bokosi limodzi ndi pampu ndi paipi yake: chigubu chakuda cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro chomangidwa zolimba ndi lamba, m'kati muli masiponji osanjikizana, ndipo m'chivindikiromo mwalowa babu la UV. Ogulitsa amachitcha pressure filter chifukwa madzi amalowa ndi kutuluka mokankhidwa ndi pampu, chigubucho chili chotseka. Makampani monga Oase a ku Germany, Hozelock a ku Britain ndi Laguna amapanga zamtunduwu, ndipo palinso zambiri zopanda dzina lodziwika. Zimasiyana pa kulimba kwa pulasitiki, timphira totsekera madzi ndi kupezeka kwa zida zosinthira, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kamodzi. Choncho zimene tinene pano zikukhudza mtundu wonsewu, makamaka saizi yapakati, ija pabokosi amalemba kuti ndi ya malita 6,000, ya babu la mawati 9 kapena 11.

Ngati vuto lanu ndi madzi obiriwira, aja oti mukaviika dzanja mpaka m'chigongono zala simuzionanso, ndipo nsomba mumangoziona kukamwa kokha zikabwera kudzatola chakudya, chiguleni, simudzanong'oneza bondo. Koma ngati vuto ndi ndere ya ulusi, ija imayanga m'makoma ndi kukulunga zomera ngati ubweya wonyowa, chipangizochi sichikuthandizani, ndipo kawirikawiri ndereyo imachita kuwonjezeka madzi akayera. Ambiri odandaula kuti anagula chinthu chosagwira ntchito amakhala atasokoneza mitundu iwiriyi, ndipo chithunzi cha dziwe loyera mbee chimene chimakhala pabokosi sichiwathandiza kusiyanitsa.

Chimene chimabiriwitsa madzi ndi tindere ta selo imodzi tongoyandama, tating'ono kwambiri moti timadutsa m'mabowo a siponji iliyonse. Mungasefe usana ndi usiku, madzi amatuluka obiriwira monga analowera. Apa ndi pamene babu limagwira ntchito. Limatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV-C, kumene kumawononga DNA ya tinderete tikamadutsa pafupi nalo. Timalephera kuswana, timafa n'kumamatirana m'timibulu, ndipo timibuluto ndi timene siponji imatha kugwira. Babulo limakhala m'kachubu ka galasi la quartz chifukwa galasi wamba limatsekereza UV-C. Pa dziwe loyenerana ndi saizi ya sefa, madzi amayamba kusintha patatha masiku 5 kapena 7: kubiriwira kuja kumazilala, madzi amaoneka otuwa ngati mwagwera phulusa, kenako tsiku lina mumangozindikira kuti mukuona pampu pansi. Pofika masabata 2, mwinanso 3, amakhala atayera. M'masiku amenewa masiponji amadzaza msanga ndi matope obiriwira, ndiye muziwafinya masiku 2 kapena 3 aliwonse, apo ayi madzi otuluka amachepa mphamvu ndipo ntchito yonse imachedwa.

Nambala ya malita yolembedwa ndi zilembo zazikulu pabokosi musaitenge monga ilili. Imanena za dziwe la zomera zokhazokha, lopanda nsomba, lamthunzi pang'ono. Makampani osamala amalemba nambala ziwiri, ndipo ya dziwe la nsomba imakhala theka la inayo. Ndiye sefa ya 6,000 ndi ya malita 3,000 basi mukaikamo goldfish. Yambani mwawerengera madzi anu: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsa ndi kuya kwapakatikati, zonse m'mamita, kenako kuchulukitsa ndi 1,000. Dziwe la mamita 3 mulitali, 2 mulifupi ndi 0.6 kuya lili ndi malita 3,600, ndipo sefa ya 6,000 yachepa kale. Tengani ya 8,000 kapena 10,000. Pa mphamvu ya babu, muyeso umene ambiri amatsata ndi mawati 2 pa malita 1,000 aliwonse a dziwe la nsomba, kufika 3 ngati limawombedwa dzuwa tsiku lonse. Mukawerengera muona kuti babu la mawati 11 lingakwanitse malita 3,600 aja. Chimene chimachepa m'zigubu zazing'ono ndi masiponji, ndipo ndi chifukwa chake tikuumirira pa saizi yokulirapo ngakhale babu likuoneka lokwanira.

Nsombazonso sizikhala monga munazigulira. Goldfish ya masentimita 5 imafika 20 kapena 25 m'zaka zochepa ikakhala m'dziwe, imatha kukhala moyo zaka 15 n'kupitirira, ndipo imaswana popanda wina kuipempha. Ndi ya m'banja la carp, imene anthu a ku China anayamba kuweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo khalidwe la carp idakali nalo: kudya kwambiri, kufukula pansi ndi kutulutsa ndowe zochuluka. Werengerani malita osachepera 200 pa nsomba imodzi yaikulu. M'dziwe la malita 3,600, kuyamba ndi 8 kapena 10 n'kwanzeru, chifukwa ana adzadzaza malo otsalawo. Za panja sankhani zathupi lalitali monga comet ndi shubunkin. Zija zonenepa zamichira iwiri ndi zamaso otupa zimasambira movutika, sizipirira kuzizira ndipo mbalame zimazitola mosavuta.

Mbali yofooka kwambiri ya mabokosi ambiri amtunduwu ndi paipi. Madzi onse a m'dziwe ayenera kudutsa m'sefa kamodzi pa ola limodzi kapena maola 2, kutanthauza malita 1,800 mpaka 3,600 pa ola pa dziwe lachitsanzo lija. Nambala yolembedwa pa pampu ndi ya pamene pampuyo sikukweza madzi n'komwe. Ikawakweza mita imodzi, kudzera m'paipi ya mamita 5 ndi masiponji odetsedwa, gawo lalikulu la mphamvuyo limathera panjira. Ndiye paipi imene imabwera m'bokosi nthawi zambiri ndi ya mamilimita 20 kapena 25, yopapatiza. Polumikizira paipi pa sefa pamakhala kamlomo kamasitepe, kopita kakukula kuchoka pa 20 kufika pa 32 kapena 40. Gulani paipi ya 32, ndipo masitepe ang'onoang'onowo muwadule ndi sowo. Ambiri amavala paipi yaikulu pamwamba pa kamlomo kosadula, madzi n'kumapanikizikabe pa kabowo ka 20 kaja. Paipi ya 32 ili ndi malo odutsa madzi oposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi ya 20, ndipo kusiyanako kumaoneka ndi maso potulukira. Kuti mudziwe zoona, tcherani chidebe cha malita 10 potulukira madzi: chikadzaza m'masekondi 15, mukupeza malita 2,400 pa ola. Kupyola muyeso nakonso n'koipa. Madzi othamanga kwambiri amadutsa pa babu asanalandire kuwala kokwanira, ndipo pampu yoposa malire olembedwa pa sefa imachititsa chivindikiro kudontha.

Pampu ikhale kumbali yakuya, kutali ndi kumene madzi akubwerera, kuti dziwe lonse liziyenda. Muikweze pa njerwa, masentimita 15 kapena 20 kuchoka pansi. Paipi ikadzavuka usiku, pampu yokhala pansi penipeni imapopera kunja madzi onse, pamene yapanjerwa imasiyira nsomba pothawira. Ubwino weniweni wa sefa yotseka umaonekera pa kuikika kwake. Mungaikwirire m'nthaka mpaka m'munsi mwa lamba wa chivindikiro, kuseri kwa zomera, ndipo madzi otulukamo amakhala adakali ndi mphamvu yokwera kukagwa pa timathithi. Sefa yabokosi yotsegula siingatero, imayenera kukhala pamwamba pa madzi, poonekera. Chivindikirocho musachikwirire, ndipo pasakhale pamalo podikha madzi a mvula, chifukwa magetsi a babu ali m'menemo. Pampu ndi babu zonse zidzere pa RCD ya 30 mA, kachipangizo kozimitsa magetsi msanga akadutsa posayenera, ndipo musapise dzanja m'dziwe musanazimitse.

Madzi oyera ndi maso akhoza kupha nsomba. Izi tikuzinena motsindika chifukwa babu limayeretsa madzi m'masabata 2, pamene ntchito inayo ya sefa, yofunika kuposa, imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti ikhwime. Nsomba zimatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zopumira, ndipo ndowe ndi chakudya chotsala zikamavunda zimawonjezera. Mabakiteriya okhala pa masiponji amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Ziwiri zoyambazo ndi poizoni ndipo sizioneka. Siponji yatsopano ilibe mabakiteriyawa. Mwini dziwe akaona madzi ayera amathamangira kukagula nsomba zina 10, ndipo sabata yotsatira zimayamba kukhala pansi zitapinda zipsepse kapena kudzikhula m'makoma. Gulani zoyezera madzi zamadontho. Amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate yosapitirira 40 mg pa lita, pH (muyeso wa asidi m'madzi) pakati pa 7 ndi 8.5. Amoniya yemweyo amapweteka kwambiri pH ikakwera ndiponso madzi akatentha. Muziyezanso KH, muyeso wa mchere wa carbonate umene umagwiriziza pH kuti isagwe: mabakiteriya amadya carbonate akamagwira ntchito, ndipo KH ikatsika kufika pansi pa 4, pH imatha kugwa mwadzidzidzi, mabakiteriya n'kusiya ntchito. Zimachitika kwambiri mvula ikagwa yambiri, popeza madzi a mvula alibe carbonate. Mukathira mabakiteriya a m'botolo kapena mankhwala a nsomba, zimitsani babu kwa masiku angapo, pampu izigwirabe ntchito.

Pampuyo siyenera kuzima n'komwe, usana kapena usiku. Chigubu ndi chotseka, ndiye mpweya wa okosijeni umene mabakiteriya amapuma ndi wokhawo wobwera ndi madzi. Madzi akaima, mpweyawo umatha m'maola ochepa, makamaka nyengo yotentha, ndipo matope a m'masiponji amayamba kuvunda popanda mpweya. Magetsi akabwerera, madzi akuda onunkha ngati dzira lovunda amakankhidwira m'dziwe. Uku ndi kufooka kwa mtundu wonsewu, ndipo timabuku tambiri ta malangizo sititchula. Magetsi akazima kwa maola oposa 4 kapena 5, tembenuzani valavu yotayira matope kuti madzi oyamba atayikire kunja mpaka fungo lithe, kenako muchepetse chakudya ndi kuyeza amoniya ndi nitrite kwa sabata imodzi. Babu lokha ndi limene mungazimitse palokha. Koma musalisiye loyaka madzi asakuyenda, limatentha n'kuwononga pulasitiki yozungulira.

Chogwirira chotsukira, chija mumapukusa kapena kukoka kuti masiponji afinyike osatsegula chigubu, ndi chimene otsatsa amanyadira kwambiri. Chimagwiradi ntchito, koma pang'ono. Mumatembenuza valavu, mumapukusa, madzi a matope amatuluka pa paipi yotayira, ndipo m'mphindi 2 kapena 3 mwamaliza manja ali ouma. Madziwo ndi abwino kuthirira maluwa. Kamodzi pa sabata nyengo yotentha n'kokwanira. Chokhacho, matope olemera amatsala pansi pa chigubu ndi m'kati mwenimweni mwa siponji, ndipo pakatha mwezi kapena miyezi 2 mumayenera kutsegula. Tungani madzi a m'dziwe m'chidebe, mufinyiremo masiponji mpaka matope ambiri achoke, osafuna kuti ayere ngati atsopano. Madzi a pampopi ali ndi kulorini amene amapha mabakiteriya aja munawadikira masabata 6. Potseka, samalani kamphira kozungulira ka pa chivindikiro. Kamchenga kamodzi kakatsala pamenepo, madzi amadontha usiku wonse ndipo m'mawa mumapeza dziwe latsika. Kapukuteni, mukapake girisi wa silicone, osati mafuta odzola a petroleum amene amafufumitsa mphira, ndipo mukaone kuti kakhala bwino mumzera wake musanamange lamba. Madzi obwezeretsa m'dziwe muziwathira mankhwala ochotsa kulorini. Kungowasiya padzuwa sikuthandiza ngati m'madzimo muli chloramine, kulorini wophatikizana ndi amoniya amene sauluka msanga. Kusintha madzi okwana 10 kapena 15 pa 100 aliwonse sabata iliyonse kapena masabata 2 kumatsitsa nitrate popanda kudzidzimutsa nsomba.

Babu limakhala ndi mphamvu yokwanira kwa maola pafupifupi 8,000, ndipo chaka chili ndi maola 8,760. Likatha chaka limayakabe buluu pa kazenera koonera, koma kuwala kopha ndere kumakhala kutachepa kwambiri. Madzi akayambanso kubiriwira chaka chachiwiri, musafulumire kunena kuti sefa yafa. Sinthani babu kumayambiriro kwa nyengo yotentha, ndipo nthawi yomweyo muone kachubu ka quartz. Kumene madzi ali ndi laimu wambiri, kamachita chikungu choyera chimene chimatchinga kuwala ngakhale babu lili latsopano. Kaviikeni m'viniga kapena citric acid, mukapukute ndi kansalu kofewa. Kamasweka msanga, ndiye muzikazula mowongoka, osakapotoza. Babu musaligwire pagalasi ndi zala, musaliyatse lili kunja kwa chigubu chifukwa UV-C imawotcha maso ndi khungu, ndipo lakale musaliphwanye, muli mercury. Kumayiko kumene madzi amaundana nyengo yozizira, chigubu chimafunika kukhuthula ndi kusunga m'nyumba, apo ayi ayezi amaswa quartz.

Tsopano ndere ya ulusi ija. Mitundu yake yodziwika ndi Cladophora ndi Spirogyra. Imamera yomamatira pa miyala, pa makoma ndi pa zomera, choncho siidutsa pa babu. Madzi ali obiriwira, tindere toyandama timaitchingira dzuwa ndi kuilanda chakudya. Babu likapha tindereto, dzuwa limafika mpaka pansi, ndipo nitrate ndi fosifeti zonse zimatsalira iyo yokha. Kumbukiraninso kuti sefa siichotsa nitrate, imachita kuipanga. Pamenepa chipangizo chafika pamalire ake, ndipo amene angapitirize ntchito ndi zomera. Maganizo athu ndi akuti amene wagula sefayi osakonza za zomera wagula theka la zofunika.

Kakombo wa m'madzi ndiye woyamba, chifukwa cha mthunzi. Masamba ake aphimbe theka la pamwamba pa dziwe, osapitirira magawo 2 mwa 3. Pa dziwe la masikweya mita 6, akakombo 2 kapena 3 a saizi yapakati amakwanira. Muwabzale m'madengu apulasitiki amabowo, m'dothi lolemera lamakande. Kompositi ndi manyowa zimayandama ndipo zimathira m'madzi chakudya chonse chimene ndere ikufuna. Nsonga yophukira ikhale pamwamba pa dothi, yosakwiririka. Pamwamba pa dothilo yalani miyala, ndipo apa goldfish zimafuna kuziganizira: timiyala ting'onoting'ono zimatola ndi pakamwa n'kulavula, mpaka kufika padothi, ndipo m'masiku ochepa madzi amakhala a matope, masiponji atatsekeka. Gwiritsani nsangalabwi za masentimita 3 mpaka 5, zoti nsomba singanyamule. Dengu latsopano muliyambitse pa njerwa, masentimita 20 pansi pa madzi, n'kumalitsitsa masamba akamafika pamwamba, mpaka masentimita 40 kapena 60. Mukaliponya pansi tsiku loyamba, chomera chimathera mphamvu zonse potalikitsa mapesi. Kakombo amafuna dzuwa la maola pafupifupi 6 kuti achite maluwa, ndipo amadana ndi madzi othovoka ndi omugwera pamasamba. Choncho kumene paipi ya sefa ikubwezera madzi kukhale mbali ina, kakombo mbali ina. Feteleza wake ndi wamibulu, wokankhira m'kati mwenimweni mwa dothi, osati womwaza m'madzi.

Pansi pa madzi, chomera chimene chimapirira goldfish ndi hornwort, dzina lake la sayansi Ceratophyllum demersum. Chilibe mizu, chimayamwa chakudya kuchokera m'madzi momwemo, ndipo masamba ake ndi okhakhala moti nsomba sizichikonda. Ponyani timitolo 2 kapena 3 pa sikweya mita iliyonse. Zomera zofewa zimadyedwa zisanakule, ndipo duckweed, timasamba ting'onoting'ono toyandama pamadzi, goldfish zimangomumaliza. Koma zomera zimene zimachotsa nitrate yambiri ndi za m'mphepete, zija mizu ili m'madzi masamba ali kunja: gumbwa wamfupi, iris wa m'madzi, watercress. Malo abwino kwambiri a zimenezi ndi pamene madzi akutulukira m'sefa. Konzani kangalande kapena kabedi ka miyala kakuya masentimita 20 mpaka 30, kokula pafupifupi gawo limodzi mwa 10 la dziwe, madzi a m'sefa azidutsamo asanagwere m'dziwe. Zomerazo muzitsuke mizu, muzibzale m'miyala popanda dothi, kuti zikakamizike kudya za m'madzi. Pano mphamvu yotsala ya sefa yotseka ija imapindulitsa, chifukwa imakweza madzi kufika pa kabediko popanda pampu yachiwiri. Ndipo muzidulira. Nitrate imachoka m'dziwe pokhapokha mwadula zomera n'kuzitulutsa. Masamba achikasu a kakombo ndi hornwort wochuluka zikavundira momwemo, zonse zimene zinayamwa zimabwerera m'madzi.

Bango ndi zomera zina zamizu yosongoka musazibzale m'dziwe loyalidwa pulasitiki, zimaboola. Namasupuni amayamwa chakudya mwamphamvu ndipo ena amamuyamikira pa chifukwa chimenecho, koma ife sitikulimbikitsa. Anachokera ku South America ndipo watseka mitsinje ndi nyanja m'mayiko ambiri otentha. European Union inamuletsa mu 2016, ndipo mayiko enanso ali ndi malamulo otere. Kachidutswa kamodzi kokokoloka ndi madzi osefukira n'kokwanira kuyambitsa vuto. Chimodzimodzinso goldfish zochuluka: musazitaye mumtsinje kapena m'nyanja, zimakula, zimaswana ndi kuwononga malo a nsomba za komweko.

Zomera zisanakhwime, ndere ya ulusi muziichotsa ndi manja. Lowetsani ndodo yokhakhala pakati pake, muipotoze, ndere imakulungika ngati ulusi pa chitsotso n'kuzuka yambiri nthawi imodzi. Muisiye m'mphepete mwa dziwe usiku umodzi kuti tizilombo ta m'madzi tibwerere, kenako mukaitaye kutali. Kandere kafupi kobiriwira komata m'makoma kasiyeni, nsomba zimadya ndipo kamathandiza kuyamwa nitrate. Mapesi a barele, magalamu 25 mpaka 50 pa sikweya mita, oikidwa m'kathumba kaukonde pamene madzi akuyenda, amachedwetsa kumera kwa ndere yatsopano akayamba kuvunda patatha mwezi kapena kuposerapo. Sapha imene ilipo kale, ndipo pa maiwe ena sasintha kanthu. Mankhwala opha ndere ndi oyenera kusamala nawo kwambiri. Ena muli kopa, amene amapweteka zomera, nkhono ngakhalenso nsomba, ndipo ndere yambiri ikafa tsiku limodzi, kuvunda kwake kumamaliza mpweya m'madzi.

Nkhani ya mpweya imagwira ngakhale osathira mankhwala. Madzi a madigiri 10 amasunga okosijeni pafupifupi 11 mg pa lita, a madigiri 20 amasunga 9, a madigiri 30 amangosunga 7.5, pamene nsomba ndi mabakiteriya zimafuna wochuluka kukatentha. Usiku zomera ndi ndere zimasiya kutulutsa mpweyawu n'kuyamba kuugwiritsa ntchito. Mukaona nsomba zasonkhana pamwamba m'bandakucha zikuyasamula, ndiye kuti wachepa, ndipo zazikulu ndi zimene zimayamba kufa. Sefa yotseka siiwonjezera mpweya. Madzi otulukamo amakhala ndi wochepa kuposa olowa, chifukwa mabakiteriya apumako. Ndiye paipi yobwezera musaimize pansi pa madzi. Madzi azigwa kuchokera pamwamba ndi kuvundula pamwamba pa dziwe, ndipo ngati nsomba ndi zambiri onjezerani kapampu ka mpweya. Chakudya muzipereka chimene zingamalize m'mphindi 2 kapena 3, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Chilichonse chotsala chimasanduka fosifeti ndi nitrate. Madzi akatsika kufika madigiri 10 chepetsani kwambiri, ndipo akayandikira 5 siyani, chifukwa nsomba sizigaya bwino kukazizira.

Pa dziwe la goldfish la malita 1,000 mpaka 5,000, lokhala ndi zomera zokwanira, sefa yamtunduwu ndi yabwino kugula: imabisika, imatsukika mosavuta, ndipo madzi obiriwira imawathetsadi. Dziwe likakula kuposa apo, kapena mukafuna kuweta koi, nsomba zazikulu kwambiri za mtundu wa carp, masiponji ake amatsekeka pafupipafupi mpaka kutopetsa, ndipo sefa yaikulu yotsegula yokhala ndi UV yapayokha imachita bwino. Musanalipire, tsegulani bokosi muone zinthu zingapo. Babu likhale la mtundu wofala: a mawati 9 ndi 11 ambiri amakhala ndi phazi la G23, a 18, 24 ndi 36 la 2G11, ndipo amenewa amapezeka kwa opanga osiyanasiyana. Funsani ngati masiponji, kachubu ka quartz ndi kamphira ka chivindikiro zimagulitsidwa pazokha, chifukwa chigubu chabwinobwino chimatayidwa kaamba ka kamphira kosowa. Onani ngati pali potulukira pachitatu potayira matope, popeza zina zotchipa zilibe, ndipo kutsuka kulikonse kumafuna kutsegula. Pampu ikhale yotha kudutsitsa zinyalala za mamilimita 6 kapena kuposa. Pampu yamtundu wa kasupe, ija ili ndi kasiponji kutsogolo, imatsekeka masiku 2 aliwonse m'dziwe la goldfish ndipo ndowe zimatsala pansi m'malo mopita ku sefa. Ngati ya m'bokosi ndi yotero, gulani sefa payokha, pampu musankhe ina.